Mpini wa paipi, wa faiba, wachitsulo kapena wa mtengo: hamala iti yomwe siikuthera mkono?

Okutobala wa chaka chatha tinali padenga ku Machinjiri, dzuwa lija loti malata ukawagwira umachita kubweza dzanja, nde mnyamata wanga wina akukhoma matabwa ogonekapo malata anangoti kukweza hamala, mutu n'kuvuka n'kuuluka, iye n'kutsala ndi mpini wokha m'manja. Mutu wa hamalawo unakagwera pafupi ndi mayi amene amatitungira madzi. Palibe anavulala, tithokoze Mulungu, koma tsiku limenelo nsima sinalowe bwino ayi, ndinkangoona mutu uja ukutsika.

Ife akalipentala timakangana za sowo, za pleni, za makina ochekera, koma hamala timangotola iliyonse bola ikukhoma, chonsecho ndi chida chomwe chimakhala m'manja kuyambira mmawa mpaka kuweruka. Pogula timangoinyamula, kuigwedeza pang'ono, "iyi nde yolemera bwino iyi", basi kulipira. Ine zaka zomwe ndagwira ntchitoyi zandiphunzitsa kuti nkhani yaikulu ili pa mpini ndi pamalo pamene mpiniwo wakumana ndi mutu, kulemera kumabwera pambuyo. Nde anzanga tiyeni tiione mitundu yomwe timaipeza konkuno ku Blantyre.

Ndiyambe ndi yomwe yadzaza m'mashedi mwathu, ya paipi. Mpini ukathyoka timathamangira kwa anzathu owotcherera ku Ndirande kaya pa Chirimba, adule kapaipi, awotcherere kumutu, kanthawi kochepa wabwerera pa ntchito. Ubwino wake sindingaukane, siidula, siithyoka chisawawa, chiswe sichiidya, mvula siiiopa, anyamata olo aiponye kuchokera padenga imadzuka bwinobwino. Ndikumvetsa chifukwa chake ambiri amaikonda, pakati pa mwezi ndalama ikasowa palibe amene amaganiza za mpini wokongola.

Koma imatidya mwakachetechete. Ukamenya msomali mphamvu ina imabwerera, mtengo umayamwako kunjenjemera kumeneko pomwe paipi imangokupatsira konse, kuchokera m'chikhatho kukafika pa chigongono mpaka paphewa. Chinanso paipi ndi yozungulira. Mpini wabwino umakhala wobulungira ngati dzira, wophwatalala pang'ono m'mbali, kuti dzanja lizidziwa lokha komwe kwaloza pokhomera osachita kuyang'ana, nde paipi imazungulira m'manja makamaka thukuta likayamba, ukamenya msomali chammbali wapinda, ndiye kuti isazungulire umaifinya mwamphamvu tsiku lonse, kufinya kumeneko nkomwe kumatopetsa mitsempha. Ndiye palinso moto wowotcherera uja. Pokhomera pa hamala anapalimbitsa ku fakitale ndi moto woyeza bwino, wowotcherera akachedwetsa moto pamutupo kulimba kuja kumachepa, mumaona pokhomera payamba kuphwanyika m'mbali ngati bowa. Ena amakulunga mphira wa chubu cha njinga, zimathandizako pa kuterera ndi kutentha kwa dzuwa, koma paipi ndi paipi basi.

Ineyo ndinagwiritsa ya paipi zaka zingapo, mpaka chigongono cha kumanja chinayamba kuwawa chakunjaku, poyamba madzulo okha, kenako olo kunyamula ketulo ya tiyi. Kuchipatala anandiuza kuti ndipumitse mkono. Kalipentala apumitse mkono ana adya chani? Ndinasintha hamala, ndinasinthanso kagwiridwe, pang'onopang'ono zinayamba kuchepa. Nchifukwa chake ndikaona mnyamata wa zaka 19 akumenya misomali ya 5 inchi ndi paipi tsiku lonse mtima umandiwawa, iye sakumva kanthu panopa, adzamva akadzafika msinkhu wathuwu.

Ina ndi yachitsulo chokhachokha ya ku fakitale, mutu ndi mpini anasulira limodzi. Iyi musaisokoneze ndi ya paipi. Odziwika nayo kwambiri ndi a Estwing aku Rockford ku Illinois, ku America, kampani yomwe anayambitsa Ernest Estwing, munthu wochokera ku Sweden, mu 1923. Khosi lake ndi lopyapyala, pogwira anaikapo labala yokhuthala, zina anavekapo timphete ta chikopa. Mutu kuvuka nde iwalani chifukwa palibe polumikiza, ndipo pozula misomali yaikulu mutha kukanikiza ndi thupi lonse osaopa. Pa shatalingi, kuja kokhoma matabwa othiramo konkire, pophwasula denga lakale, pa ntchito ya pa saiti yomwe chida chimagona pa simenti ndi pamatope, iyi ndi mfumu. Vuto lake ndi mtengo wogulira, komanso olo ili ndi labala kunjenjemera kumafikabe m'manja kuposa ya mtengo, ndipo labala ija ikang'ambika kuibwezeretsa n'kovuta. Chenjeraninso ndi zongofanizira, zimaoneka ngati chitsulo chimodzi koma ukayang'anitsitsa pakhosi upeza ndi kapaipi kopyapyala kolowetsa m'mutu n'kupaka penti, koteroko kamapindika pa msomali woyamba wa 6 inchi womwe mungazule.

Za faiba, pulasitiki yolimba yokhala ndi timaulusi mkati, sindichedwapo. Ndi zija zamipini yachikasu kapena yofiira zadzaza m'mahadiweya a ku Limbe ndi mtauni. Sizifufuma ndi madzi, sizinyala ndi dzuwa, kunjenjemera zili pakatikati, zimaposa chitsulo koma sizifika pa mtengo. Mutu amaumata ndi guluu wolimba uja wa epoxy. Yabwino imakhalitsa ndithu. Koma ukamaphonya msomali khosi n'kumamenya thabwa, faiba imayamba kusosoka timaulusi tobaya m'manja, ndipo tsiku lomwe yathyoka kapena guluu wasiya, kuchotsa chotsalira m'bowomo ndi ntchito ya tsiku lonse ndi dirilo. Kwa munthu wofuna hamala ya pakhomo, yokhomera kalendala ndi kukonza khola la nkhuku, gulani imeneyi mupumule. Kwa ife okhoma tsiku ndi tsiku ndimaiika pachiwiri.

Tsopano ya mtengo, yomwe ine ndimaikonda, komanso yomweyo inatsala pang'ono kuvulaza mayi uja, nde ndiyenera kulongosola bwino. Ku America mipini yambiri amapanga ndi mtengo wa hickory chifukwa ndi wolimba koma umagonjera pang'ono ukamenya, suthyoka mwadzidzidzi. Kuno hickory kulibe koma sikuti tasowa chogwira. Bulugamu wokhwima, wouma bwino, wowongoka mitsempha amagwira ntchito. Gwafa ndi wabwino kwambiri ngati mwapeza nthambi yonenepa yowongoka, ndi wolimba modabwitsa kamtengo kameneka. Paini ayi, olo atakhala wabwino bwanji wa ku Chikangawa, ndi wofewa, amaphwanyika m'bowo. Malaina chimodzimodzi, ndi wa mipando ndi zitseko osati mpini. Mlombwa ndi mbawa ndi zokongola koma kuonongeranji thabwa lodula chonchija, ndiponso mbawa mitsempha yake imakonda kupiringizana.

Posankha kamtengo yang'anani mitsempha, iyende mowongoka kuchokera kumutu mpaka kumapeto osatulukira m'mbali, pasakhale mfundo makamaka pakhosi. Ngati n'kotheka ng'ambani ndi nkhwangwa m'malo mocheka ndi sowo, chifukwa mtengo umang'ambika motsata mitsempha yake pomwe sowo imangodula paliponse. Mukayang'ana kumapeto kwa mpini mizere ija iloze komwe hamala ikumenya, isapingase.

Koma chachikulu ndi kuuma. Apa mpamene mnyamata wanga uja analakwitsa, ndipo nane ndinayenera kuyang'ana chida chake tisanakwere. Anasema mpini nthawi ya chiperoni, June uja kukuzizira kukuwaza, mtengo uli ndi chinyezi, unalowa mothina bwinobwino. Kufika Okutobala mtengo wauma wanyala, mutu wayamba kugwedera. Iye anachita zomwe tonse tinaphunzira kwa akuluakulu, kuiviika m'ndowa usiku. Mmawa inalimba zoona. Koma taonani zomwe zimachitika mkatimo, mtengo ukamwa madzi umafuna kufufuma koma chitsulo chaukaniza, nde timitsempha take timaphwanyika tokha, ukadzaumanso umanyala kuposa poyamba, ukaviikanso zimaonjezekera, mpaka tsiku lina uli padenga masana dzuwa laumitsa madzi onse mutu wapita. Kuviika m'madzi ndi ngongole ya katapila, lero yakuthandiza mawa ikudya. Kuli bwino kusema mpini nyengo yotentha, kapena kuuika padzuwa kaya pafupi ndi mbaula masiku angapo musanaulowetse, kuti ulowe uli wouma kwambiri, ndiye chinyezi cha dzinja chikabwera chizingouthinitsa.

Kalowetsedwe kake nakonso. Bowo la mutu wabwino limakhala lotambasuka pang'ono chakumwamba. Mumasema mpini kuti udzaze bowo lonse popanda mpata, mumacheka kamzere pamwamba pake kutsika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a bowolo, mukalowetsa mumakhomera m'kamzereko weji, kamphero ka mtengo wolimba, yopaka guluu pang'ono, kenako kaweji kachitsulo mopingasa. Mtengo umatambasukira mbali zonse n'kudzitsekera wokha. Zomakhomera misomali itatu inayi pamwamba m'malo mwa weji zija zimangong'amba mpini. Ukayamba kugwedera menyani kumapeto kwa mpini pa benchi kuti mutu utsike, lowetsaninso weji, dontheziranipo mafuta a linseed ngati muli nawo, amenewo sauluka ngati madzi.

Vuto la mitu youluka silinayambe lero ayi. Cha m'ma 1840 wosula zitsulo wina dzina lake David Maydole, wa ku Norwich m'chigawo cha New York, anatalikitsa bowo la hamala kuti likhale ndi kakhosi kotsika ngati ka kasemasema, mpini uzigwiridwa pamalo aatali. Mahamala abwino ozulira misomali mpaka lero amatsata zomwezo. Nde mukamagula tembenuzani muone, ngati bowo ndi lalifupi, mutu wangokhala ngati mphete pa chala, isiyeni, olo musemere mpini wabwino bwanji izigwederabe.

Kanthu kena kakang'ono, mipini ya m'shopu imabwera yopaka vanishi yonyezimira. Ichotseni ndi sandipepala. Vanishi ndi thukuta zimaterera ndipo ndi zomwe zimatulutsa matuza. Kumapeto kwa mpini kukhale konenepa pang'ono kuti dzanja lisapulumuke, ndipo kunenepa kwa pogwira muyeze ndi dzanja lanu, zala zizungulire mpaka kutsala pang'ono kukhudza chikhatho. Apa mpamene mtengo umaposa zonse, umausema molingana ndi mwini wake. Wa manja aakulu ndi wa manja aang'ono sangagwire mpini umodzi n'kumva bwino onse, alongo athu omwe akuphunzira ukalipentala ku Soche Technical ndi m'masukulu ena a TEVETA nawonso asamangopatsidwa mipini yonenepa ngati ya khasu.

Mutu nawo tiunene. Pali wosula ndi woumba. Wosula amatenga chitsulo chamoto n'kuchimenya ndi makina mpaka chitenge maonekedwe, woumba amangothira chitsulo chosungunuka m'chikombole. Otchipa kwambiri aja nthawi zambiri ndi oumba, ndipo mano ozulira amangoti thyo ngati bisiketi, pena kachidutswa kamathetheka pokhomera n'kuuluka, diso limatha choncho. Ine poyesa ndimayenda ndi kafayilo m'thumba, ndikapala m'mbali mwa pokhomera fayilo iziterera osaluma kwenikweni, ikaluma ngati ikupala msomali ndiye kuti n'chofewa. Ndimaonanso mpata wa pakati pa mano, uzikhala wosongoka bwino mpaka mkati kuti uzigwira ndi msomali wopanda mutu womwe. Mitu yabwino yambiri ndaipeza pa zitsulo zakale mumsika wa Ndirande, yadzimbiri, yopanda mpini, ena akuiona ngati sikirapu. Kuitsuka, kuisemera mpini wa gwafa, imaposa yatsopano yonyezimira. Ndipo chonde osamenyanitsa mahamala awiri pokhomera pake, osamenyeranso misomali ya konkire ndi hamala yokhomera matabwa, zolimba ziwiri zikakumana china chimathetheka.

Pa kulemera, manambala mumawaona pamutu aja ndi ma ounce. Ya 16 ndi magalamu 454, ya 20 ndi 567, ya 24 ndi 680. Anyamata amakonda yolemera poganiza kuti ndiye yamphamvu. Koma masamu ake ndi oti ukawirikiza kulemera kawiri mphamvu yomenyera imawirikiza kawiri, pomwe ukawirikiza liwiro kawiri mphamvu imakhala kanayi. Nde mutu wopepukirapo pa mpini wotalikirapo, womwe ukutha kuuthamangitsa mpaka 4 koloko osatopa, umalowetsa misomali yambiri kuposa chimutu choti pofika masana ukuchigwira pakhosi chifukwa mkono walema. Ukangoyamba kugwira pakhosi dziwa kuti hamala yakukulira. Ya 16 pa mpini wa masentimita 33 ndi yokwana pa zitseko, mafelemu, mabedi, makabati. Padenga ndi pa mathirasi, matabwa aja onyamula denga, ya 20 pa mpini wofika cha m'ma 40 ndiye yabwino. Ya 24 ndimaisiyira a shatalingi.

Nzeru yomweyi ndi imene inabweretsa mahamala a titanium omwe mumawaona pa YouTube, ngati a Stiletto aja. Titanium amalemera magalamu 4.5 pomwe chitsulo chofanana kukula chimalemera pafupifupi 7.8, nde mutu umaoneka waukulu koma wopepuka, pa mpini wautali. Ndi zabwino kuonera, koma mtengo wake mutha kugulira zida za shedi yonse, ndiye pa saiti pomwe chida chimasowa ukangotembenuka sindingalangize munthu. Phunziro lake lokha ndi lomwe tingatengepo ulere, pepukitsa mutu talikitsa mpini.

Pokhomera pali posalala ndi pa timano ngati chidindo. Pa timano sipaterera pa msomali, mpabwino pa mathirasi pomwe palibe adzaone, koma ukaphonya pa chitseko cha mlombwa chidindo chimenecho kasitomala adzachiona mpaka kale, ndipo chikapeza chala chimasenda khungu. Ine ndimasankha posalala potukuka pang'ono pakati, chifukwa pamalowetsa msomali mpaka kumapeto osasiya bwalo pa thabwa. Pakayamba kuterera ndi utomoni wa paini kapena guluu, kupukuta pa sandipepala kawiri katatu basi, misomali yopindika imachepa nthawi yomweyo. Aku Japan hamala yawo yotchedwa genno ilibe n'zozulira zomwe, mbali ina ndi yophwatalala ina yotukuka, amayamba ndi yophwatalala n'kumalizira ndi yotukuka, anthu anaganiza aja.

Mano opindika amazula msomali mofewa chifukwa hamala imagudubuzika pa thabwa, ndi abwino mu shedi. Owongoka amalowa pakati pa matabwa awiri n'kukanula, ndi a padenga ndi pophwasula. Mipini ya mtengo yambiri imathyokera pozula osati pokhoma, nde msomali ukakhala wautali ikani kachidutswa ka thabwa pansi pa mutu, kapena upendekereni chammbali pang'onopang'ono, ukakanabe tengani kolobala, hamala si kolobala.

Osaiwala tiwiri tina. Timisomali ta silingi ndi ta mabidingi, timatabwa topyapyala ta m'mphepete tija, timafuna kahamala kopepuka kokhala ndi mbali yopyapyala yoyambira msomali uli pakati pa zala, azungu amakatcha Warrington. Ndipo tchizulo cha mpini wa mtengo musamachimenye ndi chitsulo, semani chibonga cha mtengo wolimba kuchokera ku zotsala za mu shedi, sichilira ndalama olo imodzi.

Akanati opanga mahamala andifunse choti asinthe, ndikanawauza zinthu zochepa. Bowo likhale lalitali ndi lotambasuka bwino kuti tizitha kuikamo mipini yathu, asiye zomata ndi guluu zoti ikathyoka utaye yonse. Pakhosi aikepo kachitsulo kapena labala yoteteza ukaphonya. Kamzere ka maginito pamwamba pa mutu, kogwira msomali kuti uuyambe ndi dzanja limodzi, kamene kali pa mahamala ena akunja, kakhale pa onse, chifukwa padenga dzanja linalo limakhala likugwira moyo wako. Ndipo anzathu owotcherera, ngati munthu waumirira paipi, bola muziiphwanya pang'ono ikhale yobulungira ngati dzira, muziwotcherera pang'onopang'ono mukukulunga pokhomera ndi kansanza konyowa kuti moto usafikeko.

Nde mukandifunsa kuti ndigule iti, wa mu shedi ndimuuza mutu wosula wa 16 pa mpini wa mtengo wosema yekha. Wa padenga ndi pa saiti, ngati thumba likulola yachitsulo chimodzi yeniyeni ya 20, ngati silikulola ya faiba yabwino kaya ya mtengo yomwe aziiyang'ana mmawa uliwonse asanakwere. Ya paipi ikhale yophwanyira miyala ndi kuwongolera zitsulo. Mnyamata uja mutu wa hamala yake womwe uja tinautola, unali wabwino ndithu, anasema mpini wina wa gwafa, tinauyanika pamalata sabata ziwiri, n'kukhomera maweji awiri. Dzinja lapita, chiperoni chapita, sunagwederebe, ndipo masiku ano tisanakwere makwerero aliyense amayamba wandipatsa hamala yake ndiigwedeze kaye.